Loko Wofiira pa Thanki Nayini

"Gogodaninso," anatero Digiri.

A Sipanala, makaniko wamkulu wa pa fakitale ya mowayo, anakweza chitsulo chimene chinawapatsa dzina namenya pamimba pa thanki nayini. Ngwe! Ngwe! Ngwe! Phokosolo linathamanga m'chitsulomo mpaka kumapeto kwa holo n'kubwerera. Onse awiri anatchera khutu. Kunali zii.

"Mwadzimvera nokha," anatero a Sipanala. "Mulibe munthu umu. Alamu anu aweruka kalekale, loko angomuiwala. Tsitsi lija silinayere pachabe."

Pa valavu ya thankiyo panali loko wofiira, wolembedwa ndi penti yoyera kuti THOVU. Lamulo la pa fakitaleyi linali losavuta. Munthu akamalowa m'thanki kukagwira ntchito, ankayamba wakhoma loko wake pa valavu kuti wina asatsegule mowa iye ali m'kati. Kiyi ankakhala m'thumba mwa mwini wake, ndipo panalibe wina wololedwa kuchotsa loko ameneyo, ngakhale mwini fakitale. Lamulolo linalembedwa pakhoma ndi zilembo zazikulu ngati mutu wa munthu. Mu ofesi ya akapitawo munali dilowa yodzaza ndi maloko odulidwa.

Digiri anali atakhala kapitawo wa shifiti ya masana kwa miyezi inayi. Dzinalo anamupatsa ndi anzake a pantchito atamva kuti anachokera ku yunivesite ndi pepala. A Thovu, amene mutu wawo unali mbuu ngati pamwamba pa kapu ya mowa, anali atatsuka mathanki kwa zaka makumi awiri. Analinso achimwene a mkazi wa Digiri.

Digiri anagwada pa kachitseko kozungulira ka thankiyo n'kuwalitsa tochi m'kati. Thankiyo inali yogona, yaitali ngati mabasi awiri olumikizana, ndipo kuwala kwa tochi kunkathera pakati. Kupitirira apo kunali mdima wokhawokha.

"Alamu!" anafuula.

Thanki inamubwezera mawu ake omwe.

Anayesa foni ya a Thovu. Inangolira osayankhidwa. Kapitawo wa shifiti ya m'mawa anali atachoka mothamanga, ndipo foni yake inali yothima. Ali chogwada choncho anatulukira a Wotchi, manijala wa fakitale, amene sankalankhula ndi munthu asanayang'ane pamkono.

"Thanki iyi imayenera kuyamba kudzaza 2 koloko," anatero a Wotchi. "Papita mphindi khumi ndi zisanu. Chavuta n'chiyani?"

"Pali loko, bwana."

"Maso ndili nawo. Mwagogoda?"

"Kawiri konse," anayankha a Sipanala.

"Ndiye mukudikira kuti loko akuyankheni?" A Wotchi analoza pazenera. Kunja, mumsewu wa mafakitale, malole anali atandandalika mpaka pakona. "A Digiri, ku yunivesite sanakuuzeni kuti fakitale ino sikhala payokha? Mowa ukapanda kulowa umu lero, mawa makina othira m'mabotolo aima. Iwo akaima, a fakitale ya mabotolo uko aima, a makatoni aima, a zivindikiro aima. Ngakhale mlimi wodzatenga masese a ng'ombe zake andiimbira foni. Msewu wonsewu umadyera pa mathanki amenewa."

"Koma lamulo likuti..."

"Lamulolo ndinalemba ndine. Ine sindikuti dulani loko, iyayi. Ndikungokuuzani nthawi." Anayang'ananso pamkono nachoka.

Digiri ankakonda mafunso okhala ndi yankho limodzi, ndipo ili linkaoneka lotero. Shifiti ya a Thovu inali itatha. Agogoda, zii. Aitana, zii. Awalitsa tochi, osaona kanthu. Anapita ku ofesi kukatenga chodulira zitsulo. Loko anaduka mosavuta kwambiri, mosavuta kuposa mmene ankaganizira, ndipo anamuponya m'thumba la ovololo. A Sipanala anatseka kachitseko kaja n'kumanga mabawuti ake. Digiri anapotoza valavu. Mowa wozizira unayamba kuyenda m'mapaipi, ukumveka ngati mvula yakutali.

Nthawi ili pafupi kukwana 3 koloko, foni yake inalira. Anali mkazi wake.

"Abambo, achimwene mwawaona kumeneko?"

"Aweruka. Bwanji?"

"Aweruka n'kulowera kuti? Tinapangana kuti tikumane kuno ku depoti kudzalandira amayi. Basi yafika kale, amayi akhala pa benchi ndi zikwama zawo. Munthu uja sachedwa, mumamudziwa. Pa ukwati wathu anafika tchalitchi chisanatsegulidwe."

"Mwina tayala la njinga laphulika."

"Mwina. Mukawaona muwauze kuti ndakwiya."

Digiri anabweza foni m'thumba, ndipo zala zake zinakhudza chitsulo chozizira cha loko uja. Sanathamange. Anangoti akaone kumene amaimika njinga, kuti mtima ukhale pansi.

Njinga ya a Thovu inalipo, itatsamira pamtengo wake wa masiku onse, chishalo chake chokutidwa ndi pepala la pulasitiki.

Tsopano anayenda mofulumira. M'chipinda chosinthira zovala munalibe munthu. Pansi pa kabati ya a Thovu panali nsapato zawo zopitira kunyumba, zitayalidwa bwinobwino ngati zikudikira mapazi. Digiri anaimbanso foni ija. Inalira m'kabatimo, pafupi ndi khutu lake, kanyimbo kosangalala. Anaidula msanga.

Kugeti mlonda anali wa masana, woyamba ntchito 2 koloko.

"A Thovu? Sanadutse pano chifikireni ine," anatero mlondayo. Anatsegula buku la otuluka n'kuyendetsa chala pang'onopang'ono mpaka pansi. "Dzina lawo mulibe. Mwawasowa? Kayang'aneni kumene kuli tiyi."

Digiri anabwerera ku holo ya mathanki. Anapeza a Sipanala akupukuta manja ndi kansanza.

"A Sipanala, ndikufunseni. Tikagogoda katatu, munthu ali m'kati, amatani?"

"Amagogodanso. Mwayamba kutilembetsa mayeso?"

"Nanga mukakhala mulibe munthu?"

"Kumakhala zii, ngati mmene munamvera muja."

"Nanga akakhala kuti alimo, koma gasi yamugwetsa?"

Kansanza kanaima m'manja mwa a Sipanala. Aliyense pa fakitalepo ankaidziwa gasi ya mowa. Imatuluka mowa ukamawira, ilibe mtundu, ndipo imatsalira pansi pa thanki ngati madzi osaoneka. Munthu akawerama n'kuipuma samakuwa. Amangogona.

"Kumakhalanso zii," anatero Digiri, podziyankha yekha. "Njinga yawo ilipo. Nsapato zilipo. Foni ili m'kabati. Pageti sanatuluke."

"Zaka makumi atatu ndakhala ndikugogoda," anatero a Sipanala motsitsa mawu. "Zaka makumi atatu, mwana wanga."

Digiri anathamanga. Anagwira valavu ndi manja awiri n'kuitseka, kenako anadina batani lofiira loimitsa mpope. Mvula ija inaleka m'mapaipi. Pa kagalasi kosonyeza mlingo, mowa unali utafika poti munthu ataimirira m'katimo ungamulekeze m'chiuno. Munthu ataimirira.

A Wotchi anafika mphindi ziwiri zisanathe. Anamvetsera Digiri akufotokoza, ndipo kwa nthawi yoyamba sanayang'ane pamkono. Anamukokera pambali, kuseri kwa thanki eyiti.

"Tiyeni tiganize ngati anthu akuluakulu," ananong'ona. Thukuta linali litatuluka pamphuno pawo. "Ngati mulibe munthu, mutaya mowa wonsewu pachabe, ndipo ntchito yanu ipita nawo m'ngalande. Ngati alimo..." Analoza thanki nayini. "Ngati alimo, papita mphindi makumi anayi. Mukundimva? Kutsegula sikungawathandize. Tidikire pang'ono, tiimbe mafoni, mwina apezeka."

Digiri anaona kuti mawuwo analibe polakwika. Mbali zonse ziwiri zinkafika pa yankho limodzi, ngati mafunso aja ankawakonda.

"Ngati alimo, bwana, akhalebe m'menemo ife tikuimba mafoni?"

"Sindinatero."

"Mkazi wanga akaimbanso ndimuuze kuti chiyani? Kuti tikudikira pang'ono?"

Digiri anawadutsa a Wotchi, anagwada pansi pa thanki nayini, n'kutsegula valavu yotayira.

Mowa unatuluka ndi mkokomo. Unadzaza ngalande ya pakati pa holo n'kusefukira, thovu likukwera mpaka m'majombo. Fungo la chimera linafika kutali, ndipo anthu anayamba kubwera, ochokera ku makina a mabotolo, ku sitolo, ku labotale. Tsiku lina lililonse wina akanati abweretse ndowa, wina akanavula chipewa kuti alire maliro a mowa. Koma nkhani inali itawafika kale. Anaima chapatali, manja kumbuyo, maso ali pa ngalande. Digiri nayenso ankayang'ana pomwepo, akuopa kuona chinachake chikutuluka ndi thovulo, chipewa kapena golovesi. Mayi wina wa ku labotale anayamba kupemphera chamumtima, milomo yokha ikugwedera.

Foni inaliranso m'thumba. Digiri anayang'ana dzina la mkazi wake likuwala, mpaka linathima lokha.

Thanki inatenga mphindi makumi awiri kuti ithe. A Sipanala anamasula mabawuti. Kachitseko katatseguka Digiri anafuna kulowa pomwepo, koma a Sipanala anamugwira pa kolala.

"Mukufuna tikatulutse awiri? Dikirani fani."

Analowetsa chipaipi cha fani kuti chithamangitse gasi. Kachipangizo koyezera mpweya kankalira tii, tii, tii, kosafuna kuleka. Digiri anawalitsa tochi. Kuwala kunathera pakati monga kale, pa thovu lotsalira. Anaganiza za apongozi ake atakhala pa benchi ndi zikwama. Anaganiza za tsiku limene anakaonekera kwawo kwa mkazi wake, a Thovu atamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Manja ofewa awa adzasunga mlongo wanga?" Manja omwewo ndi amene anadula loko wawo.

Kachipangizo kaja kanaleka kulira. A Sipanala anamumanga chingwe m'chiuno.

"Mukamva mutu kulemera, kokani kamodzi. Musachite manyazi."

Digiri anafika pa kachitseko, kenako anabwerera. Pa lamba wake panali loko wake, wofiira ngati wa a Thovu, koma watsopano, wonyezimira, wosakhomedwapo chimulandirireni. Anamukoleka pa valavu. Kiyi anagwa pansi kawiri asanakhome. Palibe anaseka.

M'thankimo munali mozizira ngati m'chitsime. Anayenda chowerama, majombo akuterera, mpweya wake ukumveka ngati wa anthu awiri. Kumbuyo kwake kuwala kwa kachitseko kunkachepa. Anadutsa pakati, pamene tochi inkalekezera. Thovu linali phee, likuphulika pang'onopang'ono.

Kumapeto kwenikweni kunali chinthu chachikasu, chitagona pansi. Chinali ndi mapewa. Mkono umodzi unali utatambasuka kuloza kwa iye.

Linali jekete la a Thovu. Digiri ankalidziwa ndi chigamba chakuda cha pachigongono, chimene anasoka ndi mkazi wake.

"Alamu," anatero. Anagwada m'thovumo. Anakwawa. Anatambasula dzanja, analibweza, analitambasulanso n'kugwira mkono wa jeketelo.

Unaphwatalala. Munalibe kanthu.

Ananyamula jeketelo. Pansi pake panali mphasa ya labala yogwadira, yopindidwa, ndi burashi, ndi chidebe chogwa chammbali. Digiri anawalitsa tochi kumanzere, kumanja, m'mwamba. Chitsulo chokhachokha. Anakhala pansi m'mowa wotsalawo atakumbatira jekete, akupuma ngati wathamanga mtunda wautali.

Ndiye kuchokera kutali, ku kachitseko, kunamveka mawu aakulu amene thanki inawachulukitsa.

"Ndani wadula loko wanga?"

Digiri anatuluka chokwawa. A Thovu anali ataima pakati pa holo, ovololo yawo ili ndi magazi kuyambira pachifuwa mpaka m'mawondo. Anthu anali atawazungulira, ena akuwagwira mapewa kuti atsimikize. Mayi wa ku labotale ankalira mokweza tsopano.

"Magazi si anga, siyani kundisisita," anatero a Thovu. "Ndinatuluka kuti ndikatenge labala yatsopano ya pa kachitseko ku sitolo. Ndikudutsa pa makina, botolo linaphulika n'kumucheka mkono mayi wina wopakira mabotolo. Ndinamugwira pabalapo, dalaivala anatikweza kumbuyo kwa galimoto, mpaka ku kiliniki. Ndikanamusiya kuti ndikalembe dzina kugeti? Amusoka, ali bwino." Anatembenuka. "Ndafunsa funso. Ndani wadula loko wanga?"

A Sipanala anayang'ana majombo awo. A Wotchi anayang'ana pamkono.

"Ndine, alamu," anatero Digiri.

A Thovu anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana jekete lonyowa limene anali atalikumbatirabe.

"Munagogoda?"

"Tinagogoda."

"Munalowa kukaona?"

"Ayi."

"Chidebe chija mwachiona m'katimo? Chinali chodzaza soda wotsukira. Ndinali ndisanamalize. Loko akakhalapo ndiye kuti mwini wake sanamalize, kaya ali m'kati kaya ali kunja. Mukanauthira m'mabotolo mowa umenewo." Anakhala pa kreti. "Ndipo mayi uja akanapanda kuchekeka, nthawi imeneyo ine ndikanakhala ndili kumapeto uko, nditagwada, ndi makutu angawa amene samvanso bwino."

Kunkangomveka thovu likutsika m'ngalande.

Anthu atabalalika, a Wotchi anaitanira Digiri mu ofesi ya akapitawo n'kutseka chitseko. Buku la malipoti linali lotsegula patebulo.

"Palibe wafa, tithokoze Mulungu," anatero a Wotchi. Ankaoneka okalamba kuposa masana aja. "Mowa watayika, akuluakulu afuna chifukwa. Mukhoza kulemba kuti labala ya pa kachitseko inkadontha. Si bodza lenileni, a Thovu amakatenga yatsopano. Mukalemba za loko, mudziwa nokha. Akuimitsani ntchito mawa lomwe, ndipo sindikudziwa ngati mudzabwerere."

Digiri anakoka dilowa ija kuti atenge cholembera. Maloko odulidwa analira. Ena anali ndi mayina a anthu amene ankawadziwa, ena a anthu amene anapuma ntchito iye asanabwere. Pa aliyense wa iwo wina anagogoda katatu n'kumva zii.

Analemba pang'onopang'ono. Analemba nthawi imene anadula loko, ndi dzina la mwini loko, ndi kuti sanalowe kukaona. Analembanso za dilowa. Pomaliza anasaina n'kutembenuzira bukulo kwa a Wotchi. Iwo anawerenga mpaka pansi, anafika pamene panalembedwa kuti manijala anabwera kudzanena nthawi, ndipo anapumira m'mwamba. Anatenga cholembera nasaina pansi pa dzina la Digiri.

Kugeti anapeza a Thovu atasintha zovala, akukankha njinga yawo. Kutsidya kwa msewu, pafupi ndi malole odikira, mkazi wa Digiri ankatsika pa takisi ndi amayi ake ndi zikwama. Nkhope yake inali ya munthu amene wakonza kale mawu oti anene.

"Mlongo wanga sakudziwa kanthu," anatero a Thovu. "Akuganiza kuti ndangochedwa. Ndikhoza kumuuza za mayi wochekeka uja, n'kuthera pomwepo."

Digiri anapisa dzanja m'thumba n'kutulutsa loko wodulidwa uja kuti awabwezere. A Thovu anakankha dzanjalo.

"Sungani. Mukamukoleke kumutu kwa bedi. Muzimugogoda katatu m'mawa uliwonse, akadzakuyankhani mudzandiuze."

Digiri anayesa kuseka, koma sizinatheke. Mkazi wake anali atayamba kuwoloka msewu, chala chili m'mwamba kuloza achimwene ake. Atafika pafupi anaima. Anayang'ana ovololo ya mwamuna wake yonyowa ndi mowa mpaka pachifuwa, ndi maso ake, ndi chinthu chofiira chimene chinali m'dzanja lake.

"Abambo, chachitika n'chiyani? Bwanji simumayankha foni?"

A Thovu anatsegula pakamwa, koma Digiri anawagwira mkono.

"Ndinena ndekha, alamu," anatero. Anatenga dzanja la mkazi wake n'kuikamo loko uja. "Uyu ndi wa achimwene ako. Ndamudula ndine. Tiye tikhale pansi apa, ndikuuze."